Kanema Wachiwiri wa pa Chimbale cha ku Joni

GULU LA AMAYI LA TILINDIRENGE
Zolembedwa za msonkhano wa komiti

Tsiku: Loweruka, 19 Januwale 2013
Malo: Nyumba ya gulu, pa Kamwazeka, kumwera kwa Mzimba Boma

Opezekapo:
Mayi Providence NyaGondwe, Wapampando
Mayi Lyness NyaPhiri, Mlembi, mkazi wamkulu wa Bambo Zondwayo Jere
Mayi Suwilanji NyaMoyo, Msungichuma
Mayi Honest NyaTembo, membala
Mayi Kezia NyaShaba, membala, mkazi wachiwiri wa Bambo Jere omwewo

Woitanidwa: Bambo Hector Chirwa, obena nyimbo ndi mafilimu pa Boma

Opepesa: Mayi Atikonda NyaBanda, akuthira feteleza

Ojomba osapepesa: panalibe, poti mphekesera inali itafika kale khomo ndi khomo kuti lero kuli zoonera.

1. Kutsegula msonkhano

Msonkhano unayamba 9 koloko m'mawa ndi pemphero la Mayi NyaMoyo. Wapampando analandira onse, nakumbutsa kuti gulu lino ndi la amayi amene amuna awo akugwira ntchito ku Joni, ndipo cholinga chake ndi kulimbikitsana, osati kulondana. Ponena mawu omalizawa anayang'ana Mlembi. Mlembi anali akulemba tsiku.

Lipoti la chuma linaimikidwa kaye chifukwa Msungichuma anaiwala magalasi kunyumba.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo

Mlembi anawerenga zolembedwazo. Mayi NyaTembo anakweza dzanja nati pa mfundo yachinayi palembedwa kuti Mayi NyaShaba anadzisankha okha kupita ku Boma, pamene zoona zake n'zakuti komiti ndiyo inawatuma. Mlembi anayankha kuti munthu akabwera pa msonkhano atavala kale nsapato zapaulendo, ndiye kuti komiti yangotsatira m'mbuyo. Wapampando analamula kuti pakonzedwe. Pakonzedwa, koma nsapatozo Mlembi anaziona ndi maso ake.

3. Zotsalira za msonkhano wapitawo: mphatso ya ku Joni

3.1 Wapampando anakumbutsa kuti kumayambiriro kwa mwezi uno thiransipota, wa galimoto yonyamula katundu, anabweretsa katoni yochokera ku bungwe la amuna athu ku Joni. M'katonimo munali kakompyuta kopinda, kosaposa buku la nyimbo za kutchalitchi, kamene eni ake amati netibuku. Munalinso mulu wa zimbale za DVD za mafilimu, ndi chimbale chimodzi cholembedwa pamwamba kuti "Moni kwa Amayi, Khirisimasi 2012".

3.2 Amunawo, mwa nzeru zawo, anatumiza zimbale pamodzi ndi makina opanda polowetsera chimbale. Komiti inakatembenuza kanetibukuko mbali zonse osapeza pakamwa pake. Mayi NyaMoyo anafuna kukatsegula kunsi ndi mpeni wosendera mbatata koma analetsedwa. Deki yoonetsera zimbale ya kwa Wapampando, imene inali yokhayo m'mudzi muno, inapsa chaka chatha. Choncho komiti inagwirizana kuti zimbale zipite ku Boma, zikasandutsidwe mafayilo oti alowe m'kanetibukumo.

3.3 Amene anatumidwa ku Boma anali Mayi NyaShaba, pa chifukwa chakuti anafika Fomu Folo ndipo akuti amadziwa podina. Kanetibukuko kanapita nawo, ndipo chibwerereni kakugona kwawo. Mlembi anakumbutsa kuti lamulo lachisanu ndi chiwiri la gulu limati katundu wa gulu amasunga ndi Mlembi. Lamuloli silinena za Fomu Folo, silinenanso za zala zosalala. Wapampando anati nkhaniyo inatha kale.

4. Lipoti la Mayi NyaShaba

4.1 Mayi NyaShaba anaimirira napereka lipoti ndi mawu otsika, moti Mayi NyaMoyo anawapempha kawiri kuti akweze. Anati anapereka zimbale kwa Bambo Chirwa, ndipo mafilimu ambiri alowa bwino. Ena anakanika chifukwa zimbale zake zinakandika m'njira. Chimbale cha moni chinatheka, ndipo mamembala onse anaonera kale moniwo pakhonde pawo.

4.2 Mlembi anapempha kuti zilembedwe kuti chibwerereni kanetibuku, pakhomo pake pasanduka msewu. Nyumba ziwirizi zili m'bwalo limodzi, ndipo wopita ku yaing'ono amadutsa pa yaikulu. Anthu amene kale ankaima n'kulonjera bwinobwino, tsopano amangoponya moni akuyenda, khosi litapindikira kale ku khonde linalo. Ngakhale ana a Mlembi enieniwo amabwera kunyumba pokhapokha batire ikatha.

4.3 Za moniwo: mwamuna aliyense anaima kutsogolo kwa kamera atavala jekete, nalonjera mkazi wake pomutchula dzina. Amuna awo a Wapampando anati "NyaGondwe wane" kawiri konse. Wapampando anapempha kuti zimenezi zilembedwe, ndipo zalembedwa. Amuna awo a Mayi NyaTembo anagwira pamtima mpaka mawu kunjenjemera. Amuna awo a Mayi NyaMoyo anafunsa za ng'ombe poyamba, komabe dzina la mkazi analitchula. Itafika nthawi ya a Jere, anangoti, "Nkhutawuzga banja lane lose," kutanthauza kuti moni kwa banja lonse, basi n'kuchokapo.

4.4 Mlembi anati mwambo wa kuno, umene iye anaupeza pokwatiwa kuchokera ku Kasungu ndipo wausunga kuposa eni ake, umati mwamuna wamitala amayamba walonjera nyumba yaikulu, kenako inayo. Kuunjika nyumba ziwiri m'liwu limodzi ngati mitolo ya nkhuni si moni. Wapampando anati komiti si bwalo la maukwati. Mlembi anavomera, napempha kuti apatsidwe mpata pa mfundo yotsatira.

5. Funso la Mlembi

5.1 Mlembi anauza komiti kuti Lachitatu masana, akuchokera kopalira, anadzera kuseri kwa nyumba ya Mayi NyaShaba kukafuna nkhuku yake imene imaikira kumeneko. Chitseko chinali chotseka, katani wa pawindo atakokedwa, dzuwa lili pamutu. Mkatimo anamva a Jere akuseka. Kuseka kwa a Jere Mlembi sangakusokoneze ndi kwa wina: kumayambira m'mimba, kumathera kutsokomola. M'moni umene tonse tinaonera, a Jere sanaseke ngakhale kuonetsa dzino.

5.2 Mlembi anati anaima pomwepo akufunafuna nkhuku ija, ndipo kuseka komweko kunamveka, n'kumvekanso, n'kumvekanso, kusonyeza kuti wina akubwezera dala pamalo amodzi. Atagogoda, mawu anazima. Mayi NyaShaba anatuluka maso ali psuu, nati amagona. Munthu wogona sabwezera kanema.

5.3 Mlembi anati nkhani ndi yoonekeratu. A Jere anaika uthenga wapadera wa nyumba yaing'ono pa chimbale cha gulu, uthenga wa kuseka ndi mawu okoma, ndipo Mayi NyaShaba aubisa kuti azidzitsekera nawo masana. Wapampando atamupempha kuti augwire mtima, Mlembi anayankha motere, ndipo mawu ake alembedwa monga anatulukira:

"Mayi Wapampando, zikundiwawa, ndipo sindichita manyazi kunena. Njerwa za nyumba ija ndinaumba ndine ndili ndi pakati pa Lumbani. Ng'ombe za malowolo a NyaShaba zinatuluka m'khola limene ine ndinkapala ndowe. Lero ine ndipatsidwe 'banja lonse', wina apatsidwe kuseka? Ndikufuna ndimve chimene a Jere anamuuza chimene ine sindiyenera kumva."

5.4 Mayi NyaShaba anayankha ali chiweramire kuti, "Akulu, palije uthenga wanga. Ndapota, tiyeni tiisiye nkhaniyi." Mayi NyaTembo anati, "Ngati palibe kanthu, mbwenu mukuopa chiyani?" Wapampando anati n'chifukwa chake kuli bwino kuti mlendo alipo, naitana Bambo Chirwa, amene Mlembi anawapempha kuti abwere ndipo anali atakhala panja pa njinga yawo.

6. Kufotokoza kwa Bambo Chirwa

6.1 Bambo Chirwa anathokoza komiti nafotokoza kagwiridwe ka ntchito yawo. Anati chimbale amachilowetsa m'kompyuta yaikulu ya kushopu, imene ili ndi polowetsera. Kompyutayo imawerenga filimu yonse, n'kuifinya kuti ichepe, chifukwa kanetibuku n'kofooka ndipo kakapatsidwa fayilo yolemera kamachita chibwibwi, mawu kutsogolo milomo m'mbuyo. Ntchito imeneyi amati kukonveta. Ikatha, fayilo amaiika pa fulashi, kenako m'kanetibuku. Anati imafuna kudekha, ndipo magetsi akathima pakati umayambiranso poyamba. Zimbale zokandika amazipaka mankhwala otsukira mano n'kupukuta ndi kansalu kofewa, zina zimamvera zina ayi. Atayamba kufotokoza za kukula kwa zithunzi, Wapampando anawapempha kuti adule.

6.2 Mlembi anawafunsa funso limodzi: pa chimbale cha moni panatuluka mafayilo angati? Bambo Chirwa anayang'ana Mayi NyaShaba, anayang'ana kudenga, kenako anavala chipewa chimene anali atavula kale n'kuchivulanso. Wapampando anawauza kuti ayankhe. Anati, "Awiri, amama."

6.3 Atafunsidwa kuti zinatheka bwanji, Bambo Chirwa anati: "Amama, wojambula moni wa ku Joni uja anajambula phwando lonse la Khirisimasi. Ndiye anadulamo moni n'kuukonza bwino. Koma pobena chimbale anasiya zonse momwemo, zodula ndi zosadula. Mukanaika mu deki, ikanakuonetsani batani limodzi, la moni, mbwenu nkhani yatha. Deki imaonetsa zimene mwini chimbale akufuna kuti muone. Koma kompyuta ilibe ulemu. Pokonveta imatulutsa chilichonse chili m'mimba mwa chimbale. Abambo aja akanatumiza deki, sindikanakhala pano."

6.4 Mlembi anafunsa ngati iwo anaonera fayilo yachiwiriyo. Anati ntchito yawo ndi kukonveta, osati kuonera, koma pamafunika kuyesa ngati mawu akugwirizana ndi milomo, ndiye anaona pang'ono. Anawonjezera, osafunsidwa, kuti iwo akanakhala komiti akanaisiya. Mlembi anati komiti sinaitane mlangizi, ndipo zikuoneka kuti ku Boma anthu ena ali ndi owaikira kumbuyo.

6.5 Mayi NyaShaba anavomera kuti fayilo yachiwiriyo ilipo. Anati sanaiike m'kanetibuku kuopa kuti ana angaitsegule. Ili pa fulashi, ndipo fulashiyo anaimangirira pa ngodya ya chitenje chimene anavala.

7. Ganizo loti kanema wachiwiri aonetsedwe

7.1 Mlembi anapereka ganizo lakuti chimbale chinatumizidwa ku gulu, choncho zonse zili pa chimbalecho ndi za gulu, ndipo zionetsedwe zonse pamaso pa komiti, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mayi NyaTembo anavomereza ganizolo Mlembi asanatseke pakamwa.

7.2 Mayi NyaShaba anachoka pa benchi, nadzagwada pafupi ndi tebulo la Mlembi, nati: "Akulu, ndapota chomene. Tikaonere kunyumba, awiriwiri. Ine ndi inu basi. Mukatha kuona, mukafuna kundimenya mundimenye, kweni pano yayi."

7.3 Mlembi anayankha kuti ulemu wa pa msonkhano ndi wotchipa. Pakhomo munthu amamudutsa ngati chitsa, lero pagulu ndiye mawondo afewa. Anati iye safuna kuitanidwa ku nyumba yaing'ono ngati mlendo kuti akapatsidwe makombo a kuseka kwa mwamuna wake. Chimene chinabisidwa kwa onse chionekere kwa onse.

7.4 Wapampando anati zobisabisa n'zimene zimapha magulu, ndipo iwo pa mpando wawo sangalole kuti membala azisankhira anzake zoti aone. Mayi NyaMoyo anati iwo alibe mbali, koma anali atakokera kale benchi kutsogolo, ndipo magalasi amene anaiwala kunyumba aja anapezeka m'thumba.

7.5 Voti: ovomereza atatu, Mlembi, Mayi NyaMoyo ndi Mayi NyaTembo. Wokana mmodzi, Mayi NyaShaba. Wapampando savota pokhapokha mavoti akafanana. Ganizo linadutsa. Mayi NyaShaba anamasula fulashi naiika pa tebulo, nabwerera kukakhala kumapeto kwa benchi, kumene kanema saoneka.

8. Kuonera

8.1 Bambo Chirwa analowetsa fulashi, naimika kanetibuku pamwamba pa katoni imene kanabweramo. Popeza galasi lake n'laling'ono, mitu inagundana. Kunaoneka holo, nyama ikuwotchedwa panja, makireti a zakumwa, ndi amuna athu akuvina ndi mimba zimene sanachoke nazo kuno. Komiti inaseka. Mayi NyaTembo analoza amuna awo akulimbana ndi fupa nati, "Awo, mbwenu pafoni akuti tikuvutika!" Mlembi sanaseke, ankadikira uthenga wa Mayi NyaShaba.

8.2 Kenako woyendetsa mwambo, Bambo Louis, anagogoda botolo ndi supuni nati tsopano alandire mabanja amene Mulungu wawadalitsa chaka chino. Anati, "Tiyambe ndi Bambo Zondwayo Jere ndi mayi a kunyumba, tiwaombere m'manja!" Mlembi akulemba kuti pa kanthawi kameneko anaganiza kuti a Jere atulutsa chithunzi m'thumba, ndipo ankangofuna kuona kuti ndi cha ndani mwa awirife.

8.3 A Jere sanatulutse chithunzi. Anaimirira atagwira dzanja mkazi wamtali, wosadziwika kuno, ali ndi mwana m'chiuno wa msinkhu woyamba kuyenda. Amuna athu onse anaomba m'manja, ena kuimba likhweru, ngati anthu oti nkhaniyi anaizolowera kalekale. Mkaziyo anaona kuti a Jere ali ndi msuzi pachibwano, nawapukuta ndi chala chake pamaso pa anthu. A Jere anaseka, kuyambira m'mimba mpaka kutsokomola. Ndi kuseka kumene Mlembi anakumva Lachitatu.

8.4 Mkaziyo anavala diresi yosokedwa ndi chitenje chobiriwira cha gulu lino, dzina lakuti Tilindirenge likuwerengeka bwinobwino pachifuwa pake. Mamembala onse akudziwa kuti chitenje cha gulu chinapita ku Joni n'chimodzi chokha. Chaka chatha a Jere anaimbira foni Mlembi kuti kukuzizira, ndipo akufuna kufunda kanthu konunkhira utsi wa kwawo. Mlembi anatenga chake chenicheni, nachichapa, nachisita ndi simbi ya makala, nachipereka kwa thiransipota. Anadzalengezanso m'nyumba ino kuti a Jere anapempha iye, osati wina. Zili m'zolembedwa za mwezi wa Meyi.

8.5 Mayi NyaMoyo anati, "Aa! Kweni amuna!" Mayi NyaTembo anagwira Mlembi paphewa nati, "Pepani chomene, amama, limbani mtima," ndi mawu a munthu amene denga lake silikudontha. Wapampando anapukusa mutu nati iwo anali kudabwa kale ndi kamoni kaja. Mlembi akulemba kuti chisoni cha anthu atatuwa chinamuotcha kuposa chala cha pachibwano chija.

8.6 Mayi NyaShaba, osadzuka pamene anakhala, anati iwo anaziona koyamba ali chiimire m'shopu ya Bambo Chirwa, akabaza atadzaza pakhomo. Anati kunyumba ankabwezera pamalo amenewo pofuna kuona makutu a mwanayo, ngati ndi a kwa Jere. Mlembi anafunsa kuti anapeza zotani. Anati, "Ndi a Lumbani enieni, akulu."

8.7 Kanema anapitirira. Bambo Louis anagogodanso botolo, kamera n'kuyamba kutembenukira ku tebulo lina. M'mphepete mwa galasi munalowa phewa la jekete lofiirira, limene tonse tinaliona kale m'moni likutchula "NyaGondwe wane" kawiri. Paphewapo panali dzanja la zikhadabo zopaka zofiira. Wapampando, amene amadandaula za msana msonkhano uliwonse, anadumpha benchi natseka kanetibuku mwamphamvu, moti Bambo Chirwa anafuula kuti galasi lisweka.

8.8 Wapampando anapempha kuti mwini jekete asatchulidwe dzina m'zolembedwazi. Sanatchulidwe.

9. Ganizo loti kanema wachiwiri afafanizidwe

9.1 Mayi NyaMoyo anafunsa Bambo Chirwa kuti kwatsala kotalika bwanji. Anayankha kuti zimene zaonedwa n'zochepa, zambiri zili kutsogolo, ndipo botolo lija limagogodedwa kangapo. Mayi NyaMoyo anavula magalasi nawabwezera m'thumba.

9.2 Wapampando anati ataganiza mofatsa aona kuti kanemayu sanatumizidwe ku gulu. Chimene amuna athu anatitumizira ndi moni, ndipo munthu waulemu salowa kuchipinda chimene sanaitanidweko. Mayi NyaMoyo anati zinthu zoterezi zimapasula mabanja, ndipo dzanja likhoza kukhala la mlongo wa munthu. Mayi NyaTembo anati batire ikuoneka kuti yatsala pang'ono. Bambo Chirwa anati batire ndi yodzaza, ndipo anauzidwa kuti akhale chete. Mayi NyaTembo anapereka ganizo lakuti fayilo ifafanizidwe pa fulashi ndi pa kompyuta ya kushopu, chimbale chithyoledwe n'kuponyedwa m'chimbudzi, moni wokha ndiye utsale. Mayi NyaMoyo anavomereza.

9.3 Mlembi anawerenga mokweza chigamulo cha pa mfundo 7.1, makamaka mawu akuti zonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anakumbutsa kuti inki yake sinaume, ndipo manja amene anakwezedwa aja akadali m'nyumba muno. Wapampando anati komiti ili ndi mphamvu yosintha maganizo. Mlembi anayankha motere:

"Pamene botolo limagogodedwa pa ine, munakokera benchi kutsogolo. Lafika pa inu, mwakumbuka ulemu. Ndinene poyera kuti ndikukuchitirani nsanje nonse atatu. Mutuluka muno ndi amuna athunthu, mukagona tulo, Lamulungu mukayankha foni mukumwetulira, chifukwa chabe chakuti kamera inayambira kwa wanga. Simunandipose kanthu. Mwangondiposa kusadziwa, ndipo kusadziwa kumeneko ine ndikukufuna, koma sindingakupezenso. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mawa lake ndi lomweli, lili m'kabokosi aka. Tsegulani."

9.4 Mayi NyaShaba anaimirira, ndipo nthawi ino sanapemphedwe kukweza mawu. Anati: "Ine ndinagwada pano kupempha kuti zisaonetsedwe, munandikana. Soni za nyumba yathu mwaziona mose, mpaka makutu a mwana. Mbwenu tiyeni tionere limodzi mpaka kumapeto. Ine ndinaonera yonse. Ndikudziwa amene atsala ndi amene sanatsale, kweni sindinena. Aliyense adzionere yekha ngati mmene akulu aonera." Mayi NyaTembo anafunsa mwachangu ngati amuna awo alimo, kenako anati asayankhidwe.

9.5 Voti: ofuna kufafaniza awiri, Mayi NyaMoyo ndi Mayi NyaTembo. Okana awiri, Mlembi ndi Mayi NyaShaba. Chiyambireni gulu lino, aka n'koyamba kuti manja awiriwa akwere nthawi imodzi. Mavoti atafanana, Wapampando anavota kuti kanema afafanizidwe. Ganizo linadutsa.

9.6 Anagwirizananso kuti Mayi NyaBanda, amene anapepesa, angouzidwa kuti fayilo yachiwiri inakana kutseguka. Mlembi sanavomereze koma anagonja. Pa amayi onse a komiti ino, amene wasankha bwino lero ndi amene anapita kukathira feteleza.

10. Zina ndi zina

10.1 Mayi NyaMoyo anadandaula kuti mbuzi za kutsidya zikudya mbande za gulu. Palibe anayankhapo.

10.2 Wapampando anakumbutsa mamembala kuti zokambidwa m'komiti zimathera m'komiti. Mayi NyaTembo anavomera mwamphamvu, zimene zinadetsa nkhawa onse owadziwa.

10.3 Bambo Chirwa asanafafanize, Mlembi anapempha kuti aonenso nkhope ya mkazi uja kamodzi kokha, chifukwa poyamba paja maso ake anathera pa chitenje. Wapampando analola, pokhapokha kanema aimitsidwe pamalo amenewo osapitirira ngakhale pang'ono. Iwo, Mayi NyaMoyo ndi Mayi NyaTembo anatuluka kukaima pakhonde, kuopa kuti chala cha Bambo Chirwa chingaterereke.

Bambo Chirwa anabwezera, naimitsa pamene mkaziyo akuyang'ana kamera, kenako iwo anatembenukira kukhoma. Mayi NyaShaba anabwera kudzakhala pa benchi ya Mlembi, poti galasi n'laling'ono ndipo munthu sangaone ali patali. Awiriwo anayang'ana nkhopeyo nthawi yaitali. Mkaziyo ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, khosi lalitali, ndi khungu la munthu amene sanapalirepo chimanga mwezi wa Januwale. Akumwetulira mopanda mantha, ngati munthu amene sanauzidwe kuti kuno kuli anthu.

Mayi NyaShaba anafunsa monong'ona kuti, "Akulu, inu mukuona bwanji? Ngwakutowa?" kutanthauza ngati ndi wokongola.

Mlembi anayankha kuti ayi, ndi wamba, mano ake ndi otalikirana. Mayi NyaShaba anati nawonso amaona choncho, ndipo anathokoza. Bambo Chirwa anadina, nkhopeyo inachoka.

Zimenezo ndi zimene zinayankhulidwa. Koma zolembedwa za gulu ziyenera kunena zoona, ndipo Mayi NyaShaba sawerenga buku lino. Mkaziyo ndi wokongola. Ndi wokongola kuposa tonse awiri.

11. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka, 16 Febuluwale 2013, pamalo omwewa.

12. Kutseka

Popanda zina zokambirana, Wapampando anatseka msonkhano nthawi ili 12:40 masana.

Wapampando: Providence NyaGondwe ........................

Mlembi: Lyness NyaPhiri ........................